Mwana wafika Grade 7 kuno ku Joni? Werengani izi musanandiimbirenso foni

Abale anga, chaka chilichonse ikangofika July foni yanga siipuma. Wina andikoka dzanja potuluka mu tchalitchi, wina voice note ya maminitsi 6 pakati pa usiku, wina mpaka kundipeza pa mzere wa taxi ku Bree ndili ndi matumba m'manja, funso lake lomwelomwelo: "Mayi a Chisomo, mwana wanga ali Grade 7, nanga za sekondale ndipange bwanji?" Sindikudandaula ayi, ine ndemwe ndinathandizidwa ndi anthu, koma pakamwa patopa. Ana anga atatu adutsa njira imeneyi, woyamba ndinalakwitsa pafupifupi chilichonse mpaka anakhala pakhomo masabata atatu a January anzake akupita ku sukulu. Ndiye ndalemba kamodzi, amene wandifunsa ndizingomutumizira.

1. Chotsani Standard 8 m'mutu

Ife tinakula ndi Standard 8. Mayeso a MANEB, kuwerenga ndi koloboyi, kenako kudikira mayina a selekishoni kuti mwana wapita ku national, ku boarding ya boma kapena ku CDSS ya pafupi. Kuno zimenezo kulibe. Pulayimale imathera Grade 7, sekondale imayamba Grade 8, ndipo palibe mayeso a dziko lonse pakati pake. Mwana amalemba mayeso a pasukulu pake pomwepo mu November basi. Palibe amene adzamusankhe. Akhoza kukhala nambala wani kuyambira Grade 1, koma ngati inu kholo simunaapulaye malo, January adzakhala pakhomo akuonera TV.

Ndiye mvetsani bwino: chaka chino amene akulemba mayeso ovuta ndi inuyo, ndipo mayeso ake ndi a mapepala. Pulayimale imene mwana ali siimutumiza yokha ku sekondale, ngakhale sekondaleyo ili kuseri kwa mpanda womwewo. Ine ndinagwa pamenepa.

2. Phunzirani kuwerenga lipoti

Grade 7 ndi chiyambi cha gawo limene amati Senior Phase, kuyambira Grade 7 mpaka 9. Maphunziro amakhala 9: zilankhulo ziwiri, Maths, Natural Sciences, Social Sciences, Technology, EMS, Life Orientation ndi Creative Arts. EMS ndi yachilendo kwa mwana, ndi za ndalama ndi bizinesi, ndipo ambiri imawadzidzimutsa telemu yoyamba. Musamukalipire msanga.

Pa lipoti pamakhala malevulo 1 mpaka 7, ndipo chonde, 7 ndiye wabwino, 1 ndiye woipa. Ndikunena izi chifukwa achimwene ena anagula KFC kusangalalira mwana amene anabweretsa ma 1 ndi ma 2, iwo akuganiza za MSCE kumene 1 ndi distinction. Level 7 ndi 80 kupita m'mwamba, 6 ndi ma 70, 5 ndi ma 60, 4 ndi ma 50, 3 ndi ma 40, 2 ndi ma 30, pansi pa 30 ndi level 1.

Kuti akhoze kalasi: 50 pa Home Language, 40 pa First Additional Language, 40 pa Maths, 40 pa maphunziro ena atatu, ndi 30 pa ena awiri. Home Language sikutanthauza chimene mumalankhula kunyumba, Chichewa sichiphunzitsidwa kuno. Ndi chilankhulo chimene sukuluyo ikuphunzitsa pa mlingo wapamwamba, ku ma suburb chimakhala Chingerezi kapena Afrikaans, ku location chimatha kukhala isiZulu, Sesotho, Sepedi, Setswana kaya Xitsonga. Ana athu ambiri amagwa apa, masamu akhoza bwinobwino koma isiZulu 44, basi lipoti lafiira. Mwana kulankhula Chizulu mumsewu ngati mwini dziko sikutanthauza kuti angalembe chimangirizo cha Chizulu, funsani lipoti osati makutu anu.

Ndipo mamakisi sachokera ku mayeso a November okha. Maprojekiti, ma test ndi ntchito za telemu iliyonse zimawerengedwa. Mwana akakuuzani Lamlungu usiku kuti akufuna makatoni, guluu ndi mabatire za Technology, zimakwiyitsa inde, koma ndi mamakisi amenewo.

Ngati mwangomutenga kumudzi chaka chino ndipo Grade 7 ndi kalasi yake yoyamba m'dziko muno, pitani kwa ahedi mukafunse za immigrant learner. Malamulo a zamayeso amamupeputsira mwana wotere pa nkhani ya chilankhulo chachiwiri, koma zimafuna kuti sukulu imulembere. Mukakhala chete palibe amene adzakukumbutseni.

3. Mapepala a mwana, yambani January osati July

Pofunika: pasipoti kapena ID yanu, pemiti ngati muli nayo, birth certificate kapena pasipoti ya mwana, study permit kapena pepala la asylum ngati lilipo, lipoti laposachedwa la Grade 7, ndi umboni wa kumene mumakhala. Khadi la kusikelo amalifuna kwa a Grade 1, koma musalitaye, limathandiza kutsimikiza tsiku lobadwa ngati mapepala ena palibe. Fotokopani zonse kangapo mukadinditse ku polisi, kudinditsa ndi ulele, mungonyamula ma original.

Mwana wobadwira kumudzi, uzani achibale ayambe kutsatira birth certificate ku NRB kwa DC mwezi uno, chifukwa pepala lichoke ku Mangochi kapena ku Mzimba, lipeze munthu wokhulupirika wokwera basi, lidutse Mwanza, Nyamapanda, Beitbridge mpaka likupezeni ku Park Station, miyezi yapita. Wobadwira kuno ambiri ali ndi ija yolemba pamanja yopanda ID number, imeneyonso ndi pepala, isungeni mu pulasitiki.

Chinthu chimene ambiri sitiyang'ana ndi masipelo a dzina. Pa birth certificate Mphatso, pa lipoti Mpatso, pa pasipoti dzina la bambo, ku sukulu dzina la agogo. Kalaliki analemba mmene anamvera tsiku lolembetsa Grade 1 ndipo zakhala choncho zaka 7. Pitani ku ofesi mukakonzetse chaka chino, chifukwa dzina limenelo lidzamutsatira mpaka pa satifiketi ya matric, ya kumapeto kwa Grade 12, ndipo kumeneko kukonza ndi nkhondo.

Tsopano nkhani imene anthu amandifunsa monong'ona: nanga ngati tilibe mapepala? Mverani. Gawo 29 la Constitution ya dziko lino likuti aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira, silikuti nzika zokha. Mu December 2019 khoti lalikulu ku Makhanda, pa mlandu wa Centre for Child Law, linagamula kuti mwana asakanizidwe kapena kuchotsedwa sukulu chifukwa chosowa mapepala, ndipo unduna wa maphunziro unatumiza Circular 1 ya 2020 ku sukulu zonse kunena zomwezo. Lamulo la zamaphunziro la BELA limene a Ramaphosa anasaina mu September 2024 nalonso likuvomereza afidaviti yofotokoza za mwanayo pamene mapepala palibe. Ndiye musamubise mwana m'nyumba chifukwa cha mantha. Zoona, pa windo mutha kukumana ndi munthu wa nkhope yolimba amene akuuzeni kuti "no papers no school". Musakangane naye, pemphani mwaulemu kuti akulembereni pa pepala kuti akukana ndi chifukwa chake. Kawirikawiri nkhani imasintha pomwepo. Ikapanda kusintha pitani ku district office ya zamaphunziro, ndipo ku Braamfontein kuli SECTION27 ndi Lawyers for Human Rights amene amathandiza nkhani zoterezi osalipitsa.

Chokhacho musagule pemiti yabodza kuti muike pa fomu ya mwana. Kupanda pepala si mlandu wa mwana, koma pepala lachinyengo ndi mlandu wanu ndipo malo amatha kulandidwa.

4. Umboni wa adiresi, apa ndiye pagona nkhani

Malangizo onse amene mudzawerenge amangolemba kamzere kamodzi, proof of residence, ngati kuti tonse tili ndi nyumba ku Fourways ndi bilu ya City of Joburg yobwera m'dzina lathu. Ife ambiri tili m'ma backroom ku Cosmo City, Diepsloot, Tembisa, Alex, ena tagawana flat ndi makatani ku Yeoville kapena Berea, ena tili pa kachipinda ka kuseri kwa abwana. Lendi timapereka pamanja pa 1, palibe lisiti, magetsi timagula kwa alandilodi. Dzina lathu silili pa pepala lililonse la adiresi imeneyo. Koma dongosolo lonse logawira malo a sukulu ku Gauteng, chigawo chimene muli Joni, laima pa adiresi. Amene amakhala mkati mwa dera la sukulu, limene amati feeder zone, ndipo ali pafupi kwambiri ndi geti, ndi amene amayamba kupatsidwa malo. Umboni ukakhala wosakwanira fomu yanu imangokhala pambali ngati yosamaliza, inu muli phee kudikira meseji imene siidzabwera.

Wochita lendi amafunika kusonkhanitsa izi: lease yosainidwa ndi inu ndi alandilodi yokhala ndi adiresi yonse, kope la ID ya alandilodi, bilu ya manisipala ya nyumbayo m'dzina lawo yosapitirira miyezi itatu, lisiti la lendi, ndi statement ina iliyonse ya m'dzina lanu yosonyeza adiresi yomweyo, kaya ya banki kaya ya shopu imene mumatengako zovala pangongole. Afidaviti ya ku polisi yokha yonena kuti ndimakhala pakutipakuti musaidalire, nthawi zambiri siikwanira, anthu anaigwiritsa ntchito molakwika mpaka inatha mphamvu.

Vuto ndi alandilodi. Ambiri safuna kupereka ID kapena bilu. Ena ali ndi ngongole ya madzi ya zaka, akuchita manyazi. Ena zipinda anamanga popanda pulani, akuopa kuti boma lidziwa. Ena nyumbayo ili m'dzina la gogo wawo amene anamwalira kalekale. Ena amangoganiza kuti kwerekwere akufuna ID yanga kuti akatengere ngongole. Ndiye musapite kwa iwo sabata yoapulaya muli piringupiringu, mudzabwerako ndi mkwiyo. Yambani March kapena April. Pitani tsiku limene mwapereka lendi yonse pa nthawi yake, pamene nkhope yawo ili yowala, mwana akhale pambali panu atavala yunifomu. Afotokozereni kuti sukulu siiwerenga ngongole, ikungofuna adiresi. Auzeni alembe okha pa kope la ID kuti ndi la sukulu basi ndi deti, kuti mtima wawo ukhale pansi. Ngati akufuna akaperekeze okha ku sukulu, alipireni taxi. Lease mutha kugula fomu yake ku shopu ya mabuku, mudzaze nonse awiri. Kabuku ka malisiti gulani nokha, mwezi ndi mwezi azingosaina, pofika July muli ndi malisiti anayi kapena asanu otsatizana.

Statement ya m'dzina lanu nayo imafuna nthawi. Pitani ku banki kapena ku shopu mukasinthitse adiresi panopa, kuti pofika nthawiyo ituluke ndi adiresi yatsopano osati ya ku Rosettenville kumene munachoka 2021. Ndipo adiresi ilembedwe chimodzimodzi pa mapepala onse. Pena Extension 4, pena Ext 6, pena nambala ya sitandi ina, wowunika amangoika pambali.

Amene mumakhala pa ntchito, amayi a m'nyumba ndi abambo a m'garden, muli ndi mwayi umene ambiri simuudziwa. Ngati mumagona pomwepo ndi mwana, imeneyo ndi adiresi yanu ya kunyumba, ndipo sukulu za dera limenelo ndi zanu ngati mmene zilili za ana a abwana. Pemphani kalata ya abwana yonena kuti mumagwira ntchito ndi kukhala pamenepo, kope la ID yawo ndi bilu yawo. Ngati simugona pomwepo mutha kuapulaya pogwiritsa ntchito adiresi ya kuntchito, ngakhale imabwera pambuyo pa anthu okhala m'deralo ndi amene ali ndi m'bale wawo pasukulupo. Mabwana ambiri savuta pa izi, ena mpaka amakuthandizani kupanga scan, koma afunseni nthawi ilipo asanapite ku holide.

A m'ma shack kumene kulibe bilu ya manisipala, pitani ku sekondale ya pafupi nanu miyezi isanakwane mukafunse kuti anthu a dera lanu amabweretsa chani, kalata ya khansala wa wodi imathandiza m'madera otere. Funsani dzina la amene wakuyankhani mulembe.

Ndipo kubwereka adiresi ya asisi a ku tchalitchi chifukwa ali pafupi ndi sukulu yabwino, ndikudziwa timachita, koma sukulu zimene anthu amalimbirana zimafufuza, zina zimafika pakhomo. Akapeza kuti ndi bodza mwataya malo amenewo, nthawi imeneyo sukulu ya kwanu kwenikweni yadzadza kale. Komanso musasamuke pakati pa July ndi November ngati mungapirire, ngakhale alandilodi akukutopetsani. Limbani mtima mpaka mwana apeze malo.

5. Sankhani sukulu zisanu, osati imodzi

Amalola mpaka zisanu. Dzazani zonse. Amene amaika imodzi yotchuka ija basi nkumati Mulungu achita, ndi amene timawapeza pa mzere ku district mu January atanyamula maambulera. Pemphero ndi labwino koma ikaninso sukulu ziwiri zapafupi ndi nyumba, ngakhale mpanda wake sukusangalatsani.

Musanasankhe fufuzani zinthu zitatu. Choyamba chilankhulo. Mwana amene wachita English ndi Afrikaans zaka zonse mukamuponya ku sukulu ya Sepedi Home Language mu Grade 8 mwamupha, chimodzimodzinso wa isiZulu kumuyambitsa Afrikaans pa zaka 13. Chachiwiri fizi. Sukulu za boma zili m'magulu asanu otchedwa quintile, 1 mpaka 3 ndi zaulele, 4 ndi 5 zimalipiritsa, ndipo zina za boma zomwezo fizi yake ndi yoposa malipiro anu a miyezi ingapo. Chachitatu ulendo. Werengani ndalama ya amalume a thiransipoti ya ana a sukulu kapena ma taxi awiri kupita awiri kubwera, kuchulukitsa masiku a sukulu, ndipo ganizirani June kukuzizira, mwana wamkazi ataima pa msewu 5 koloko m'mawa kuli mdima. Sukulu yabwino imene mwana amafika atatopa ndi kubwerako usiku, ubwino wake umathera mu taxi.

Pitani mukaione nthawi yoweruka, osati pa open day pamene apenta ndi kusesa. Imani kutsidya kwa msewu 2 koloko muone mmene ana akutulukira, mumva zonse.

6. Tsiku loapulaya ndi masiku 7 otsatira

Ku Gauteng Grade 1 ndi Grade 8 timaapulaya pa intaneti, pa www.gdeadmissions.gov.za, zinayamba 2016 nthawi imene a Panyaza Lesufi anali mkulu wa zamaphunziro ku Gauteng. Madeti amasintha chaka ndi chaka, zaka zapitazi akhala akutsegula pakati pa June ndi August, kwa mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono. Sukulu ya mwana imatumiza kalata, ndiye muzisecha chikwama, makalata ambiri amafera pansi pa lunch box.

Ndi zaulele. Wa internet cafe mumulipire ya kompyuta ndi scan basi, koma amene akuti ndipatseni R1 500 ndili ndi munthu mkati, ameneyo ndi wakuba, ngakhale akulankhula Chichewa chokoma cha kwanu. Ngati foni ikukuvutani pitani ku sukulu ya boma iliyonse kapena ku district, amathandiza.

Malizani masitepe onse: za inu, adiresi, za mwana, kusankha sukulu, kutumiza mapepala. Ambiri amalembetsa dzina nkulandira meseji ya username nkuganiza kuti zatha. Sizinathe mpaka mutalandira reference number ya sukulu iliyonse imene mwasankha. Jambulani sikirini, lembaninso m'kope pamodzi ndi pasiwedi. Kenako muli ndi masiku 7 a sukulu kuti mapepala alowe, kaya pa intaneti kaya kukapereka pamanja ku sukulu zonse zimene mwasankha. Mukapereka pamanja akupatseni kapepala kosonyeza kuti alandira. Tsiku loyamba webusaiti imakonda kuzizira chifukwa aliyense ali pomwepo, musataye mtima, malo sapereka potengera amene wayamba, bola mwalowa nthawi isanatseke.

Nambala ya foni ikani yanu yeniyeni imene simudzasintha. Ife timakonda kusintha ma sim kutsatira data yotchipa, kapena kuika nambala ya abambo amene ali pa ulendo wa thiraki ku Beira. Zonse zimabwera pa SMS. Sim imeneyo isamaleni ngati pasipoti mpaka January.

7. Kudikira, kuvomera, ndi mukapatsidwa kumene simunafune

Mameseji a malo amayamba cha mu September kapena October ndipo amabwera pang'onopang'ono mpaka chaka kutha. Mnzanu akalandira inu musanalandire musayambe kulira. Muzilowa pa webusaiti kawiri pa sabata kuona nokha. Malo akabwera muli ndi masiku 7 a sukulu kuti muvomere. Mutha kuvomera kotheratu, kapena kuvomera mongogwirizira mukudikira sukulu ina, koma osangokhala chete.

Zisanu zonse zikadzadza amamutumiza ku sukulu ina imene ili ndi malo. Ngati ili kutali kosatheka kapena chilankhulo sichikugwirizana, pali njira yodandaulira yotchedwa objection, kenako appeal, zonse zili ndi masiku owerengeka ndiye musagone. Lembani chifukwa chenicheni, mtunda, chilankhulo, matenda a mwana. Zoti sukuluyo ili ndi mbiri yoipa samva.

Amene munaphonya zonse, late application imatsegulidwa cha mu December koma mumangoona sukulu zimene zatsala ndi malo. Apa ndi pamene ambiri timathamangira ma private college a m'tauni, aja ali pa floor yachitatu pamwamba pa mashopu. Ena ndi abwino ndithu. Koma musanapereke khobidi funsani satifiketi yolembetsa ku Gauteng Department of Education ndi EMIS number, nambala imene unduna umapereka ku sukulu yolembetsa, mukatsimikize ku district. Sukulu yosalembetsa lipoti lake ndi pepala chabe, mwana adzaphunzira zaka ziwiri nkukauzidwa kwina kuti abwereze.

8. Ndalama za chaka chino

Grade 7 imadya. Pali camp, pali jekete kapena hoodie yolembedwa mayina a kalasi, pali zithunzi, pali market day ya EMS imene mwana amafuna mpamba wogulitsira maswiti ndi mandasi, ndiye pali farewell. Farewell imeneyi abale, ena afika poipanga ngati ukwati, suti, misomali, tsitsi la R800, galimoto yahayala, mwana wa zaka 13. Ndinaona mayi wina atatenga ngongole kwa mashonisa, uja wa katapila, chifukwa cha diresi la tsiku limodzi, January yunifomu ya Grade 8 palibe. Mwana avale bwino asachite manyazi pakati pa anzake, koma ndalama yaikulu isungireni blazer, nsapato, tracksuit ndi stationery, chifukwa zonsezi zimafika pamodzi ndi lendi ya January, pamene ena mwangobwera kumene kumudzi matumba ali pululu. Chipereganyu chanu pemphani kuti mulandire November kapena December. Funsaninso ngati sukulu yatsopanoyo ili ndi shopu ya mayunifomu ovalidwapo kale, malaya oyera ndi mathalauza a grey a ku PEP ndi omwewo.

Ku sukulu ya boma yolipira kuli chimene amati exemption. Fizi ya chaka ikafika 10 peresenti ya ndalama zimene makolo awiri mumapeza pa chaka, simuyenera kulipira. Mwachitsanzo nonse awiri mumapeza R8 000 pa mwezi, pa chaka R96 000, fizi ndi R12 000, imeneyo ndi 12.5 peresenti, mwadutsa. Ikakhala pakati pa 2 ndi 10 peresenti amatha kukuchotserani gawo. Fomu imatengedwa ku ofesi ya sukulu chaka chilichonse, imapita ku komiti ya makolo yotchedwa SGB. Sukulu zina zimazengereza zikaona pasipoti, makamaka ngati mwana ali pa study permit, inu dzazanibe ndipo yankho alipereke polemba. Dziwaninso kuti sukulu ya boma siiloledwa kukaniza lipoti kapena transfer ya mwana chifukwa cha ngongole ya fizi. Koma ngati muli ndi ngongole ku pulayimale pitani mukagwirizane kabwezedwe, pali ana ena a Chimalawi akubwera pambuyo panu pasukulu yomweyo.

9. Mwanayo

Ndalankhula za mapepala kwambiri, koma munthu mwini wake akusintha. Mawu akunenepa, mtsikana wayamba kapena ali pafupi kutha msinkhu, chitseko chayamba kutsekedwa, mayankho ndi "fine" basi. Kumudzi pamakhala azakhali ndi anankungwi, kuno tili tokha m'chipinda chimodzi ndipo TikTok ndi imene ikulangiza. Pezani mayi wamkulu amene mumamukhulupirira, kapena limbani mtima mukambe naye nokha, ma pad akhale m'chikwama tsikulo lisanafike. Abambo nanunso, mnyamata si wa amayi ake okha, za vape ndi magulu a pa kona amve kwa inu. Ndipo mufunseni ngati amanyozedwa za kwawo, ambiri amabisa mpaka kusiya kuyankha Chichewa pa msewu mukamuitana. Misonkhano ya makolo pitani ngakhale Chingerezi chili chothyokathyoka, aphunzitsi amasamala mwana amene kholo lake analiona nkhope.

10. Amene mukuganiza zomubweza kumudzi

Ambiri timati akamaliza pulayimale apite kwa agogo akaphunzire mwambo, Joni iwononga mwana. Chisankho ndi chanu, ine wachiwiri ndinatsala pang'ono kumutumiza. Koma werengani kalendala kaye. Kuno chaka chimatha December, ku Malawi chimayamba September. Mwana akafika January apeza anzake ali telemu yachiwiri. Komanso Grade 7 si Standard 8, kuti asankhidwe ku sekondale ya boma ayenera kulemba PSLCE, mayeso aja a Standard 8, ndipo mayina a olemba amakhala atapita kale ku MANEB iye asanafike. Pa mayeso amenewo pali pepala la Chichewa, ndi Social ya mitsinje ndi mbiri ya Malawi, mwana amene akudziwa za Mapungubwe ndi Vaal koma Shire sanayione. Nthawi zambiri zimatha ndi kulowa Standard 7 mu January, Standard 8 mu September, kapena kupita ku private imene ingamulandire Form 1 ndi mayeso awoawo. Lankhulani ndi ahedi a kumeneko chaka chisanathe, osati mwana atatsika kale basi ku Wenela ndi chikwama.

Nyamulani malipoti onse kuyambira Grade 4, transfer yodindidwa, ndi birth certificate. Ndipo ngakhale mwatsimikiza mtima kuti akupita, apulayanibe Grade 8 kuno. Sizilipiritsa, ndipo agogo amene akuti mutumizeni mu July amatha kudwala mu November.